Ati ndiphunzitse British values mwana woti sayankhula

Abale inu ndatopa. Lachisanu lapitali ndinatuluka kusukulu cha m'ma 6 madzulo, kunja kuli bii ngati pakati pausiku, zala zitauma gwaa ndi kuzizira, kamba koti ndimadula timapepala n'kumamata pakhoma. Ntchito yanga imathera 3:30 ndipo maola owonjezerawo palibe anandipatsapo ngakhale kobiri. Timamata chani? Chikhatho chachikulu chapepala, chala chilichonse chili ndi mawu ake, democracy, rule of law, individual liberty, mutual respect, tolerance. Pambali mbendera yawo ija, basi yofiira ya ku London, kapu ya tiyi, ndi nkhope ya Mfumu Charles. Ati British values display. Mxiii.

Kwa amene simundidziwa, kumudzi ndinali mphunzitsi wa pulayimale, Sitandade 3, ana kupitirira handiredi pansi pa mtengo wa mango. Kuno ku Midlands, ku England, ndine TA, wothandizira mphunzitsi, ndinalowera ku ejensi, pasukulu ya ana ofunika chithandizo chapadera. M'kalasi mwathu muli ana 8 okha koma ndikaweruka ndimakhala ngati ndagaula munda. Ambiri ali ndi autism, anayi sayankhula olo liwu limodzi, awiri timawasintha matewera ali ndi zaka 11. Timalankhulana ndi manja, ija amati Makaton, ndi timakadi tazithunzi ta PECS toti mwana akafuna madzi amakupatsa kakadi ka madzi. Ndiye awawa ndi amene akuti ndiwaphunzitse demokalase.

Nkhaniyi sinagwe kumwamba ayi. Mawu a British values amenewa analembedwa kale mu 2011 m'ndondomeko yawo yolimbana ndi uchigawenga yotchedwa Prevent, koma anadzafika m'masukulu mwamphamvu mu 2014 kutabuka nkhani ya Trojan Horse konkuno ku Birmingham, pamene kunatuluka kalata yopanda mwini yonena kuti Asilamu ena akufuna kulanda masukulu. Nduna ya maphunziro nthawi imeneyo Michael Gove anati sukulu iliyonse ku England izilimbikitsa British values, pofika November chaka chomwecho malangizo anatuluka, ndipo a Ofsted, oyendera masukulu, akabwera amayang'ananso zimenezi. Chaka chotsatira Prevent ija inasanduka lamulo, ndiye aliyense wogwira pasukulu amachita katreningi kapakompyuta kophunzira kuzindikira mwana amene akukokeredwa kuuchigawenga. Ine ndinakhala ola lathunthu ndikudina next, next, next, kwinaku ndikuganiza za mwana wanga wina woti chimene amakonda padziko lonse ndi kuonerera mavidiyo a washing machine ikuzungulira. Ameneyo akokedwa ndi ndani kkkk.

Koma chimene chandilembetsa ndi voti. Sabata yathayi akuluakulu anati kalasi iliyonse ichite chisankho chosankha woimira anzake ku school council, ndipo pakhale zithunzi zoika m'fayilo. Tinatenga katoni ya nsapato, kuikuta ndi pepala lakuda, kuboola pamwamba. Ana athuwo wina akuzungulira pakona, wina wagona pansi pa tebulo watseka makutu, wina akufuna kudya kapepala kovotera. Ndiye mphunzitsi wathu, mtsikana wabwinobwino yekha koma naye wapanikizidwa, anandiuza kuti ndimugwire mwana dzanja, ndimuthandize kuchonga, ndimufikitse pa katoni, iye ajambule pa iPad. Ndinagwiradi. Dzanja lake m'kati mwa langa, ndinachonga ndine, kuponya ndinaponya ndine, mwana maso ali kudenga akuyang'ana getsi. Chithunzi chinatuluka chokongola zedi, pansi analemba kuti ana akuphunzira demokalase. Ine wochokera dziko limene khothi linafafaniza chisankho chonse cha pulezidenti pa 3 February 2020 chifukwa cha Tippex, voti yogwiridwa dzanja ndimaidziwa ndikaiona. Ndinangoseka chamumtima, ndiuze ndani.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti ana amenewa sangaphunzire zimenezi. Amaphunzira, koma osati pakhomapo. Pali kamnyamata kena, tingokatcha Bwanamkubwa poti kamayenda manja kumbuyo ngati DC akuyendera msika. Nditangofika, akatopa ndi ntchito amaluma. Mkono wanga wamanzerewu uli ndi zipsera ziwiri, umboni ulipo. Kwa miyezi ndithu takhala tikumuphunzitsa kuti akatopa atenge kakadi kolembedwa finished andipatse. Tsiku ndi tsiku, kakadi, kakadi, iye mano. Ndiye tsiku lina Lachitatu tikusanja timabuloko mwa mitundu, ndinangoona wayamba kupuma mwamphamvu, mapewa akwera, ine ndabweza kale mkono, koma iye anatembenuka, anamatula kakadi kaja pa bolodi, kumveka kuti phwee, n'kundiika m'manja osandiyang'ana nkomwe. Ndinachotsa mabuloko nthawi yomweyo. Anakhala phee, kenako anapita kukakhala pa bean bag yake. Ine misozi lengelenge. Mwana wakana, ndipo munthu wamkulu wamumvera. Ngati individual liberty ili ndi tanthauzo kwa mwana ngati ameneyu ndi imeneyo, ndipo palibe anajambula chifukwa iPad inali ku chaja.

Ndipo apa ndivomere, chimenechi ndachiphunzira kuno. Kwathu mwana sakana. Ine ndemwe pansi pa mango paja mwana akanena kuti ndatopa ndimaloza kakhwapulo. Ndipo mwana ngati Bwanamkubwa kumudzi kwathu akanangotsekeredwa m'nyumba, anthu n'kumanong'onezana kuti analodzedwa kapena bambo ake anamukhwimira chigayo. Aphunzitsi a ana otere amaphunzitsidwa ku Montfort ku Nguludi inde, koma ndi angati, afika masukulu angati? Kuno takisi imamutenga pakhomo m'mawa uliwonse, ali ndi womuperekeza, ali ndi chipinda cha magetsi ofewa chokapumirako mutu ukatentha. Pamenepo ndimawavulira chipewa, sindinama.

Chimene chimanditsamwa ndi kutenga ulemu, kulolerana, kumvera malamulo n'kuzimata mbendera ngati anazipanga okha kufakitale. Agogo anga sanaione ndege koma umunthu ankaudziwa, mlendo amadya nkhuku ife ana tikunyambita msuzi. Tsiku lina mu staff room mayi wina, mokoma mtima ndithu, anandifunsa ngati zimenezi ndi zachilendo kwa ine, ngati kwathu ku Africa timavota. Ndinafuna kumuuza kuti tinavota pa 14 June 1993 kusankha matipate, anthu atafola kuyambira mbandakucha. Ndinafuna kumuuza kuti pa 3 March timapuma kukumbukira anthu amene anaomberedwa ku Nkhata Bay mu 1959 pansi pa mbendera yomweyi ndikumatayi, ndi kuti jaji wawo yemwe, Devlin, atabwera kudzafufuza analemba kuti Nyasaland yasanduka police state. Koma munthu wa ejensi sutalikitsa nkhani, mawa 7 koloko foni ikhoza osalira. Ndinangoti yes we do, n'kumwa tiyi wanga.

Za rule of law nazo ndingakambe mpaka kucha. Lamulo lawo la 2014 limati mwana wofunika chithandizo apatsidwe chikalata chotchedwa EHCP, chofotokoza zonse zimene ayenera kulandira, ndipo khonsolo imalize zimenezi m'masabata 20. Pageti pathu pamabwera mayi wa mwana wathu wina, wamng'ono wake wa mwanayo ali pakhomo, alibe sukulu, chaka chikutha akudikira pepala lomwelo, pano nkhani yapita ku tribunal, bwalo lomva madandaulo. Ntchito anasiya. Amabwera maso ali psuu, tsitsi osapesa, amandigwira dzanja ngati ndine m'bale wake. Ndiye ine ndilowe m'kalasi ndikaimbitse ana kanyimbo ka kind hands, kind feet, ati ndiye rule of law pa msinkhu wawo. Chabwino, ana akusunga lamulo, Bwanamkubwa wasiya kuluma. Nanga akuluakulu olemba malamulowo masabata 20 aja amawerengera kalendala yakuti?

Za mutual respect ndingodutsapo. Dzina langa lili ndi zilembo zisanu ndi ziwiri basi koma chaka chachiwiri chino ena akulidulabe pakati ati ndi lovuta, anthu omwewo amatchula Tchaikovsky osapunthwa. Kholo lina linafunsa pamaso panga ngati mwana wake angakhale ndi munthu wolankhula Chingerezi chomveka. Mwanayo sayankhula mayi, timagwiritsa manja, ndipo manja anga alibe accent.

Usiku ndikafika kunyumba nanenso ndimakhala mwana wasukulu, ndikuwerengera mayeso a Life in the UK, mafunso 24, ukhoze 18, mapaundi 50 nthawi iliyonse ukalemba. Akazi a Henry VIII ndawaloweza onse 6 ndi mmene aliyense anathera. Pa viza yanga analemba kuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti ndalama za chithandizo za boma sindingalandire, koma msonkho amadula mwezi uliwonse osaphonya. Chodabwitsa n'choti poti Malawi ili mu Commonwealth ndimaloledwa kuvota kuno, ndipo mu July 2024 ndinakavotadi, ndekha, wopanda wondigwira dzanja.

Lero Lolemba ndafika m'mawa ndapeza chikhatho chija chatsala ndi zala zinayi. Bwanamkubwa wamatula chala cha tolerance, amakonda kaphokoso ka velcro ndi pulasitiki, wachitafuna konsekonse, ndipo Mfumu Charles tamupeza m'sinki akuyandama. Ahedi adutsa ati chonde chikonzedwe lisanafike Lachinayi kukubwera alendo. Laminator yake ndi imodzi sukulu yonse, imatenga mphindi khumi kuti itenthe, ndipo mapulasitiki ake anatha sabata yatha. Ndagula anga ku Poundland, lisiti ndasunga, tione ngati andibwezere.