Masika a m'kaundula

Lamulungu lapitali kutchalitchi kwathu, kuno kufupi ndi Chinkhoma, analengeza za masika. Bambo aliyense thumba la chimanga, mayi aliyense ndowa ziwiri, olima fodya adzapereke ndalama akangochoka ku okushoni. Kenako mlembi anawonjezera kuti mayina a osapereka adzawerengedwa kutsogolo. Tonse tinavomera "Amen", koma panja nkhani inali ina. Agogo ena amasiye, amene chaka chino sanadzaze ndi ngolo imodzi yomwe, anandikokera pambali n'kundifunsa chapansipansi: "Mwanawe, ndikalephera, tsiku langa likadzafika adzandiimbira nyimbo?"

Funso limeneli landisowetsa tulo.

Musandimve molakwa. Mpingo umafuna ndalama: malata akudontha, abusa ndi banja lawo adye, njinga yamoto siyenda ndi madzi. Lamulonso si chinthu choipa. Yesu mwini, pa Yohane 13:34, anati akutipatsa lamulo latsopano, lokondana. Chondivuta ine n'chakuti tikutenga lamulo n'kuliveka chitenje cha mphatso. Ngati ndi msonkho wa mpingo, tinene kuti ndi msonkho, tikambirane mulingo wake poyera, ndipo osowa tiwachotsepo. Koma chinthu chimene mwandiikira mulingo, tsiku lomaliza ndi chilango, musandiuze kuti ndapereka mwa kufuna kwanga.

Ife Amalawi tiyenera kuzindikira msanga zimenezi, chifukwa tinaziona kale. Mawu akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana kumunda. Atafika m'maesiteti a azungu kuchigawo cha kummwera anasanduka ntchito yokakamiza, imodzi mwa nkhanza zimene zinakwiyitsa John Chilembwe mpaka kuukira mu 1915. Dzina linali lomwe lija lokoma, koma mkati munalowa chikoti. Akuluakulu a kuno ku Kasungu akukumbukiranso nthawi ya chipani chimodzi, pamene mazira, nkhuku ndi mbuzi zinkasonkhedwa khomo ndi khomo n'kumatchedwa mphatso za Ngwazi. Ndani akanakana?

Tsegulani Machitidwe 5. Ambiri timalalikira kuti Hananiya ndi Safira anafa chifukwa chopereka zochepa, ndipo ndimeyi timaikonda kwambiri nyengo ya masika ikayandikira. Koma Petro anamufunsa Hananiya kuti, munda uja usanaugulitse sunali wako kodi? Utagulitsa, ndalamazo sizinali m'manja mwako? Palibe anamulamula kugulitsa. Chimene chinamupha ndi bodza, kufuna kuoneka ngati wapereka zonse. Ndiye taganizani: tikamawerenga mayina kutsogolo, tikuphunzitsa anthu chiyani ngati si kupereka kuti aoneke?

Paulo pa 2 Akorinto 9:7 sanazungulire: aliyense apereke monga watsimikiza mumtima, osati mwachisoni kapena mokakamizidwa. Ena mudzandiponyera Malaki 3:10, ndime yolamula kupereka chakhumi, ndikudziwa, ndimeyo ngakhale ana a Sande sukulu anailoweza. Chabwino. Koma werenganinso Deuteronomo 14:28-29. Chakhumi cha chaka chachitatu chinkasungidwa m'midzi kuti adye Alevi, alendo, ana amasiye ndi akazi amasiye. M'chilamulo momwemo, agogo aja anali m'gulu lolandira. Ife tawaika pamndandanda wa angongole.

Chimene chikundiopsa kwambiri si chimanga. Ndi chimene munthu amayamba kukhulupirira za Mulungu. Aefeso 2:8-9 amati chipulumutso ndi mphatso, sichichokera ku ntchito. Koma munthu akamva zaka makumi atatu kuti khadi lake la mpingo likapanda kusainidwa maliro ake sadzaimbidwa, amayamba kuona Mulungu ngati wakatapira. Simoni wamatsenga wa ku Samariya anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro n'kumudzudzula koopsa. Lero ndife amene tikulemba mtengo pakhomo.

Makolo ankati kupatsa n'kuika, ndipo ankaikadi popanda kaundula. Mayi anga akafukula mtedza, lichero loyamba linkapita kwa abusa, lachiwiri kwa wodwala wa m'mudzi, ndipo sindinamvepo wina akuwakumbutsa.

Dzulo ndinadutsa kwa agogo aja. Ndinawapeza akutonola chimanga cha ndowa yachiwiri, nkhokwe ikuoneka pansi, mwezi uno ndi wa Juni. Ndinawauza kuti asiye, ndikalankhula ndi akulu ampingo. Anangoseka n'kupitiriza kutonola: "Iwe, dzina langa lisakatchulidwe kutsogolo."