Vakabu adaigwetsa ndi wogulitsa majumbo, ife tikudikira ndani?

Ndakwiya abale anga, ndipo sindibisa. Lachiwiri m'bandakucha apolisi adatola mwana wa achemwali anga akupita kokapikula tomato. Nthawi inali isanakwane 5 koloko, dengu lili m'manja. Mlandu wake ndi kuyenda basi. Titamulondola tidamupeza alibe nsapato, lamba atamuvula, buluku akuchita kugwira ndi dzanja ngati kamwana. Pakhoma pali chipepala cholembedwa kuti belo ya kupolisi ndi yaulere, koma munthu atakhala pansi pa chipepala chomwecho akutiuza kuti "akuluakulu, ganizanipo." Tidaganizapo. Mpamba wonse wa tomato udathera pomwepo.

Chandiwawa kwambiri si apolisiwo ayi, ndife. Nkhaniyi ndidaifotokoza mu minibasi yochokera ku Limbe, aliyense n'kumapukusa mutu, "ndi Malawi ameneyu," kondakitala n'kutolera ndalama zake, nkhani yathera pa siteji. Lamulo silisintha ndi kupukusa mutu. Silisinthira mu minibasi, silisinthira pa bawo, silisintha chifukwa talemba mawu aukali pa Facebook usiku n'kukagona.

Mukumukumbuka Mayeso Gwanda? Sanali loya, sanali phungu. Ankagulitsa majumbo. Mu 2015 adamugwira m'mamawa ali pa ulendo wa ku Limbe kukagulitsa malonda ake, akuti vakabu. Iye sadangodandaula kunyumba. Adapeza maloya ndi mabungwe omenyera ufulu, CHREAA ya konkuno ku Blantyre ili pomwepo, nkhani idakafika ku High Court. Mu Januwale 2017 majaji 3 adagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code (buku la malamulo a milandu), lamulo la vakabu lomwe adatisiyira atsamunda, likutsutsana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Wogulitsa majumbo adagwetsa lamulo lomwe lidazunza agogo athu. Ife amene tili ndi masatifiketi m'masutikesi tachitapo chiyani?

Mu 2022 khoti la ku Zomba, pamaso pa Justice Zione Ntaba, lidanenanso kuti kusesa anthu mwachisawawa n'kosaloledwa, pa mlandu wa anthu omwe adasesedwa ku Kasungu, ndipo lidapereka miyezi 24 kuti gawo 184 liunikidwenso. Ndani mwa ife adaimbirapo phungu wake kumufunsa kuti nkhaniyi ili pati? Nambala yake tili nayo, timaimba pakagwa maliro.

Ena ati apolisi amalandira zochepa, ena ati umbava wachuluka. Zimenezo akambirane ndi owalemba ntchito, osati ndi mpamba wa mwana wathu.

Ndikunenetsa: chosintha lamulo ndi pepala lokhala ndi mayina athu, lofika pa desiki ya munthu amene sangalizembe. Gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko likuti womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Police Act ya 2010 idakhazikitsa Independent Complaints Commission yolandira madandaulo okhudza apolisi, ngakhale padapita zaka pafupifupi 10 isanayambe ntchito. Mukachitiridwa nkhanza lembani tsiku, nthawi, nambala ya galimoto, mukasiye dandaulo kumeneko. Kalata imodzi adzaiponya m'kabati, koma makalata 200 ochokera ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni sangawabise. Komiti ya zamalamulo ku Nyumba ya Malamulo ilipo, Law Commission younika malamulo ilipo, onsewa amadya misonkho yathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo inu aphungu athu, mabokosi a maliro tawaona, zikomo. Koma sitidakutumizeni ku Lilongwe kukakhala adzukulu. Ntchito yanu ndi malamulo. Phungu ali ndi mphamvu yobweretsa bilu yakeyake m'Nyumbamo, nanga mukuopa chiyani? Wathu kuno chimuonereni nthawi ya kampeni, foni yake imangolira osayankhidwa.