Chenjezo kwa makolo: lekani kugulitsa chakudya cha mwana

Ndikulemba mawu awa kwa inu makolo amene muli ndi ana osakwana zaka ziwiri, komanso kwa inu agogo ndi apongozi amene mawu anu amamveka pakhomo. Nyengo yokolola ikafika, mavenda amapachika masikelo awo m'misika ndi m'mphepete mwa misewu, ndipo mtedza, soya, nyemba ndi nandolo zimatuluka m'nyumba zathu ndi matumba mpaka kutsala chimanga chokhachokha. Mazira nawo sagona pakhomo, amathamangitsidwa kumsika. Pofika mwezi wa Okutobala, mwana wa pakhomo pomwe panatuluka zakudya zonsezi amakhala akumwa phala la ufa woyera lamadzimadzi, lothira mchere basi, m'mawa ndi madzulo. Khalidwe limeneli ndi loipa, ndipo likuwononga ana amene sangathe kudziyankhulira okha.

Ndikudziwa kuti pakhomo pamafunika ndalama ya feteleza, ya sopo, ya sukulu ndi ya mankhwala, ndipo sindikudzudzula mayi amene munda wake unakokoloka ndi madzi kapena unapsa ndi ng'amba. Amene ndikunena ndi inu bambo amene munakolola bwino, n'kugulitsa zonse osasiyako ngakhale ndowa imodzi ya mtedza, kenako ndalamayo n'kuthera ku mowa, ku mayunitsi ndi kubetcha mpira. Ndikunenanso inu mayi amene mumagulitsa dzira kuti mugulire mwana tizakudya ta m'mapepala ndi zakumwa zotsekemera zamitundumitundu, mukuganiza kuti mwamukonda. Mwana akakhuta zimenezo amakana chakudya chenicheni, koma m'thupi mwake simunalowe chilichonse chomanga.

Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira, ndipo ana oposa 60 mwa 100 aliwonse anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Kupinimbira kumanyenga chifukwa mwana salira ndipo sagona pamphasa. Amasewera ndi anzake, ife n'kumati watengera kufupika kwa agogo ake. Koma chakudya chimene chinasowa pokulitsa mafupa ndi chomwechonso chimene chinasowa pokulitsa ubongo, ndipo zotsatira zake timadzaziona mwana akuvutika kugwira zimene aphunzitsi akunena, akubwereza kalasi, akudwaladwala. Achipatala amatiuza za masiku 1,000 oyambirira, kuwerenga kuchokera pamene mayi watenga pathupi mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, chifukwa zimene zawonongeka m'nthawi imeneyi n'zovuta kwambiri kuzikonza pambuyo pake. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa nkhani ya mwana mawuwa alibe chotsutsa.

Chimanga ndi chakudya chabwino chopatsa mphamvu, koma pachokha sichikwanira. Tikachikonola, n'kuchiviika m'madzi masiku angapo kuti tipeze ufa woyera, timataya gaga ndi mtima wa njere momwe muli mafuta, mavitamini ndi michere ina, ndipo chotsala chimakhala chokhutitsa mimba chabe. N'chifukwa chake phala la mwana liyenera kukhala la mgaiwa, ngakhale ena amaunyoza kuti ndi ufa wa osauka. Amene akukayika akumbukire zimene zinachitikira abale athu a ku Mozambique amene anathawira kuno nthawi ya nkhondo. Mu 1990, mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira, anthu oposa 18,000 m'misasa ya m'chigawo chakummwera anadwala matenda a pellagra, amene amabwera thupi likasowa vitamini wotchedwa niacin. Khungu limada ndi kusupuka m'malo owombedwa ndi dzuwa monga m'khosi ndi m'mikono, munthu amatsegula m'mimba, ndipo matenda akakula mutu umasokonezeka. Anthu amenewa chimanga ankadya, chimene chinasowa ndi mtedza womwewu umene inu mukuupereka kwa venda mpaka njere yomaliza.

Alangizi a zaumoyo akhala akutiphunzitsa kusikelo za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Amayi ambiri amawatchula pamtima ndipo amawaimba ndi nyimbo, koma akafika kunyumba mphika umakhala womwe uja. Mwana ayamwe mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, osamupatsa madzi, dawale kapena mankhwala azitsamba, chifukwa mkaka wa m'mawere uli ndi madzi ndi chakudya chomukwanira. Akakwanitsa miyezi imeneyi ayambe phala, akupitiriza kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Phalalo likhale lolimbirako, losayoyoka msanga pa supuni, pakuti kamimba ka mwana n'kakang'ono ndipo mukakadzaza madzi mwamumana chakudya. Muthiremo nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, usipa kapena bonya wosinja, dzira, kasupuni ka mafuta ophikira, ngakhalenso masamba a nkhwani, bonongwe kapena chisoso ophika n'kupota bwino. Mupatseni nthochi, papaya, mango, peyala ndi mbatata yofiira mkati, imene ili ndi vitamini A woteteza maso ndi kulimbitsa thupi ku matenda. Zambiri mwa izi zimamera kuseri kwa nyumba zathu, ndipo sizifuna kuti munthu akhale wolemera.

Mwana wa miyezi isanu ndi inayi kupita m'tsogolo adye katatu kapena kanayi pa tsiku, ndi kachakudya kena pakati, ndipo akhale ndi mbale yakeyake. Kumuika pa mbale imodzi ndi akuluakulu ake ndi kumulanga, chifukwa pamene iye akulimbana ndi mbamu yoyamba anzake amakhala atamaliza ndiwo. Lekaninso kuthira soda wambiri m'masamba ndi kuwaphika mpaka kusanduka phala, popeza mavitamini ena amafera momwemo.

Pali kusasamala kwina kumene kumandipweteka mtima kwambiri. Ena akasankha mtedza, wabwino amagulitsa, ndipo wonyala, wobooka ndi wachuku ndi umene amasinja kuti ukhale nsinjiro za ana. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saphedwa ndi kuphika kapena kukazinga, amawononga chiwindi ndipo angayambitse khansa ya chiwindi munthu akamamudya nthawi yaitali. Kuwaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, kapena kuusunga usanaume bwino, kumachulukitsa chukucho. Mtedza umene venda waukana musaupereke kwa mwana wanu. Muutaye, ndipo wa mwana muupatule poyamba musanayeze wogulitsa.

Tsopano ndiyankhule ndi anzanga achikulire, chifukwa zina mwa zolakwikazi zimachokera pakamwa pathu. Ndife amene timaletsa mayi woyembekezera kudya mazira poti mwana adzabadwa wopanda tsitsi, ndipo ndife amene timaphunzitsa kuti minofu ya nkhuku ndi ya bambo, ana alandire zipalapaso ndi msuzi. Dzira silinachotsepo tsitsi la mwana aliyense, ndipo mayi woyembekezera ndi woyamwitsa ndi amene ayenera kudya bwino koposa aliyense pakhomo, pamodzi ndi kumwa mapiritsi owonjezera magazi amene amalandira kusikelo. Choopsa kwambiri ndi chakuti mwana akatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi n'kufiira ndi kuyoyoka, timathamangira kunena kuti ndi tsempho, n'kuyamba kufufuza kuti ndani mwa makolo ake wayenda njira zosayenera. Masiku amatha tikuzenga milandu ndi kufunafuna mankhwala kwa asing'anga, mwana akufookerafookera. Kutupikana kumeneku ndi kunyentchera koopsa, ndipo kumapha msanga. Mukadina phazi la mwana ndi chala n'kutsala kadzenje, m'mapazi onse awiri, musadikire tsiku la sikelo kapena msonkhano wa abale. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso mwana amene waonda kwambiri, amene akukana kuyamwa kapena kudya, kapena amene lamba woyezera mkono wafika pofiira.

Ndipo achipatala akakupatsani chiponde, dziwani kuti mwalandira mankhwala a mwana wodwalayo, owerengedwa molingana ndi kulemera kwa thupi lake. N'zochititsa manyazi kuti mapaketi ena amapezeka akugulitsidwa pamsika, ena akupakidwa pa buledi wa bambo, ena akugawidwa kwa ana onse a pakhomo ngati switi. Paketi iliyonse imene yapita kwina imachedwetsa kuchira kwa mwana amene moyo wake uli pachiswe, ndipo wogula ndi wogulitsa onse ali ndi mlandu wofanana. Inu mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a makomiti a zaumoyo m'midzi, mukaona chiponde pa benchi ya malonda musayang'ane kumbali. Funsani kumene chachokera, ndipo kanenezeni kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti mwana amene walandidwa mankhwala akeyo apezeke ndi kuthandizidwa.