Wandale akamangidwa ndimayamba ndafunsa kuti amumanga bwanji

Abale, wandale wamkulu akangomangidwa timagawikana pompopompo, ena akuti amutsekere ameneyo mbava yotheratu, ena akuti ndale izi akungomuzunza, ndipo onsewo amakhala atagamula kale umboni usanafike n'komwe kukhothi. Ine maganizo anga ndi akuti zoti waba kapena sanabe zidikire kaye. Tiyambe tafunsa, amuuza mlandu wake? Loya wake akumuona? Nanga jaji amene akuzenga mlanduwo alibe mbali?

Ndikudziwa ena muziti uyu akuikira kumbuyo akuba. Chabwino, koma taonani za ku Brazil. Mu 2017 jaji Sergio Moro anapeza Lula da Silva, amene anakhalapo pulezidenti, wolakwa pa mlandu wa katangale, nkhani yake inali nyumba ya mumzinda wa Guarujá yomwe ankati kampani ina ya zomangamanga inamukonzera ngati chiphuphu. Epulo 2018 analowa m'ndende, chisankho cha chaka chomwecho anamuletsa kuima pomwe kafukufuku ankaonetsa kuti ndiye ali patsogolo, wandale wina, Jair Bolsonaro, n'kuwina. Ndiye tamvani izi, Moro yemwe uja n'kupatsidwa unduna wa zachilungamo m'boma la Bolsonaro! Olo utamuda Lula chotani apa uyenera kukanda kumutu basi. Mu 2019 atolankhani a nyuzipepala ya pa intaneti ya The Intercept anatulutsa mameseji oonetsa kuti jajiyo ankalangizana mseri ndi oimira boma pa mlanduwo, zili ngati woyimbira mpira kulowa m'chipinda cha timu imodzi pa hafu taimu kukawauza kaseweredwe. Lula anatuluka atakhalamo masiku 580, kenako mu 2021 khothi lalikulu linafafaniza zigamulo zija, linati mlandu unazengedwa ku khothi losayenera komanso Moro anakondera. 2022 Lula uja n'kuwinanso upulezidenti.

Tsono chondipweteka ine n'chakuti mpaka lero palibe chigamulo cholongosoka chonena ngati analandiradi chiphuphucho kapena ayi. Omukonda akuti mwaona anali wosalakwa, odana naye akuti anangopulumukira pa zolakwitsa za jaji, aliyense ndi nyimbo yake ndipo sizidzatha. Amene anadumpha ndondomeko pofuna kuti Lula alowe m'ndende msanga ndi omwewo anaupha mlanduwo ndi manja awo. Ngati anaba, anamuthandiza kuthawa. Ngati sanabe, anatsekera munthu chaka ndi miyezi popanda chifukwa n'kusokoneza chisankho cha dziko lonse. Paliponse pamene mungaime, njira yachiduleyo sinapindulire munthu wamba. Ndipo amene mumaombera m'manja lero chifukwa womangidwayo ndi wa chipani china, chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, boma limasintha koma apolisi ndi maselo ndi omwewo.

Musandimve molakwika, sindikunena kuti wandale asamafufuzidwe, zoti aliyense akafunsidwa za ndalama azingokuwa kuti ndale ndale zinanditopetsa kalekale. Lamulo lomwe likuletsa kumanga munthu mwachinyengo ndi lomwelo likuletsa wolamula kutseka kafukufuku akaona kuti wafika pakhomo pake. Pulezidenti Richard Nixon anayesa zimenezi ku America mu Okotobala 1973 pa nkhani ya Watergate, ya kuthyoledwa kwa maofesi a chipani chotsutsa, analamula kuti Archibald Cox amene ankafufuza nkhaniyo achotsedwe ntchito chifukwa ankafuna matepi a zokambirana za mu ofesi ya pulezidenti. Elliot Richardson, mkulu wa zamalamulo m'bomalo, anakana n'kutula pansi udindo, wachiwiri wake nayenso chimodzimodzi, usiku umodzi womwewo. Cox anachotsedwabe koma wina anapitiriza, ndipo mu Julaye 1974 khothi lalikulu linalamula kuti matepi aperekedwe, majaji onse 8 amene anamva mlanduwo anagwirizana, atatu mwa iwo anaikidwa pa mpandowo ndi Nixon yemweyo. Sipanathe masabata atatu, Nixon anatula pansi upulezidenti.