Agogo ako si Satana, leka kuwaponyera moto

Ndakwiya abale, ndipo sindibisa. Dzulo madzulo pa pulote pomwe timachita lendi kuno ku Mtendere mu Lusaka, mnyamata wa chipinda choyandikana ndi changa anaimbira foni agogo ake ku Katete, mawu atakweza kuti tonse timve. Anawauza kuti masiku awo atha, moto wakumwamba uwanyeketsa chifukwa ndiwo anamanga ntchito yake. Anapita ku mapemphero a usiku wonse, a papa akumeneko n'kumuuza kuti kumudzi kuli mayi wokalamba amene anakhalira masatifiketi ake. Agogo aja anangoti, "Mdzukulu wanga, ndakulakwira chiyani?" Iye n'kukuwa kuti "back to sender", n'kudula foni. Agogo omwewo ndi amene anamulera mayi ake atamwalira, kumulipirira sukulu ndi ndalama za mtedza wogulitsa m'mbali mwa Great East Road. Ndiye akuti imeneyi ndi nkhondo yauzimu.

Kumeneku ndi kutukwana makolo basi, kungoti wotukwanayo wapanira Baibulo m'khwapa.

Musandimve molakwa. Ine ndimapemphera, ndimasala kudya, ndipo ndikudziwa kuti Satana alipo ndipo sagona. Nkhondo yauzimu ilipo ndithu. Koma kodi mumawerenga kuti mdaniyo ndani? Aefeso 6:12 akunena poyera kuti sitilimbana ndi thupi ndi mwazi. Agogo ako ali ndi thupi, ali ndi magazi. Apongozi ako chimodzimodzi. Neba amene munayambana pa mpopi, alandilodi amene akweza lendi, mnzako wa tebulo loyandikana nalo ku Soweto Market amene makasitomala akumuthamangira, onsewo ndi thupi ndi mwazi. Vesi imene mumakonda kukuwa ija ndi yomwe ikukuletsani kulimbana nawo.

Pitirizani kuwerenga chaputala chomwecho muone zida zimene Paulo anatchula. Lamba ndi choonadi, chapachifuwa ndi chilungamo, chishango ndi chikhulupiriro, chisoti ndi chipulumutso, lupanga ndi Mawu a Mulungu. Ndipo nsapato, nsapato zimene msilikali wa Yesu amayendera, ndi Uthenga Wabwino wa mtendere. Wa mtendere! Palibepo chida chophera nkhalamba pamenepo. Paulo analemba kalata imeneyi ali womangidwa ndi unyolo, koma sanapemphe Aefeso kuti apempherere asilikali omulondera afe. Anapempha kuti amupempherere alankhule Uthenga molimba mtima. Stefano akumuponya miyala anagwada n'kupempha kuti tchimolo lisawerengedwe pa omuphawo. Pa Luka 9, Yakobo ndi Yohane anafuna kuitanitsa moto kumwamba kuti upsereze mudzi wa Asamariya umene unakana kulandira Yesu, ndipo Yesu anatembenuka n'kuwadzudzula. Anadzudzula ophunzira ake enieni! Nanga iwe moto wakowo ukuutenga kwa yani?

Inde ntchito zikusowa, ufa ndi wodula, munthu akasowa pogwira amafuna womuloza chala. Koma zimenezo sizikupatsa chilolezo cholozera chala amene anakuphikira phala.

Ngati wina wakulakwira, njira inalembedwa kale pa Mateyu 18:15-17. Pita ukamuuze muli awiriwiri. Akakana, tenga mmodzi kapena awiri. Akakananso, uuze mpingo. Pa Mateyu 5 akuti ukakumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, siya chopereka chako paguwa, pita mukayanjane, kenako ubwere udzapereke. Yesu anaika kuyanjana patsogolo pa chopereka. Ife tatembenuza. Timapereka "mbewu" kwa a papa kuti mbale wathu afe, pamene kukwera basi pa Intercity kupita kumudzi kukakhala pansi ndi akulu abanja tikuti n'kutaya ndalama. Kukuwa usiku wonse n'kosavuta. Chovuta ndi kugogoda pa chitseko cha munthu amene simulankhulana n'kunena kuti, "Amayi, ndabwera tikambirane." Nkhondo yeniyeni ili pamenepo, chifukwa amene akukugwira miyendo kuti usapite ndi Satana yemwe ukuti ukumuthamangitsayo. Yakobo 4:1 akufunsa kumene ndewu zimachokera, ndipo yankho lake ndi zilakolako zimene zili mkati mwathu. Mdyerekezi akakwanitsa kukudanitsa ndi agogo ako wapambana kale, ngakhale upemphere mpaka mawu athe.

Chibale ndi fupa, sichiola. Tsiku limene udzadwale, a papa adzakutumizira vesi pa WhatsApp, koma odzakusambitsa ndi abale omwe unawatemberera aja.

Ndipo musaiwale kuti mawu amenewa amapha. Kumidzi nkhalamba zimamenyedwa, nyumba zawo kutenthedwa, zina kuphedwa kumene, chifukwa wina wa ku tauni ananena kuti "ndaonetsedwa". Malamulo a Zambia amaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndi mlandu umenewo. Timanyadira kuti kuyambira 1991, pamene a Chiluba analengeza, dziko lino ndi lachikhristu, ndipo pa 18 Okutobala pali tsiku la dziko lonse lopemphera, kusala, kulapa ndi kuyanjana. Kuyanjana kwake kuli kuti ngati m'matchalitchi tikuphunzitsa ana kuti azakhali awo ndi njoka? Pempherera mdani wako, Yesu anatero. Sananene kuti umupempherere maliro.

Ndipo inu a papa, bwanji mfiti zanu zonse zimakhala amayi okalamba osauka akumudzi? Sindinamvepo mukuloza bwana wa galimoto yaikulu amene amakhala mpando wakutsogolo. Mnyamata alibe ntchito, lendi akulephera, inu mukumugulitsa kabotolo ka mafuta, madzi odalitsidwa ndi kasitika komata pachitseko, kenako mukuti abwerenso Lachisanu ndi envelopu chifukwa guwa lakumudzi silinagwe bwinobwino. Ligwa liti? Petro anauza Simoni wamatsenga uja kuti ndalama zake ziwonongeke naye pamodzi chifukwa anaganiza kuti mphatso ya Mulungu imagulidwa. Ndipo zokuzira mawu zanuzo muzitsitse usiku, m'komboni muno muli odwala ndi makanda.