Ana anga a Sitandade 4 alemba mabuku awo, bolopeni yofiira ndaibisa

Nkhaniyi ndinaiyambapo ku TDC, kumene aphunzitsife timakumana pa maphunziro a ntchito yathu, anzanga ena anangoseka. Basi ndiinenere pano.

Teremu yathayi ndinauza ana anga kuti aliyense apange buku lakelake la nkhani. Osati zokopera pa bolodi ayi. Nkhani yake, zithunzi zake, dzina lake pachikuto. Ndalama panalibe. Tinathothola mapepala otsala m'makope akale, zikuto tinadula ku makatoni a sopo omwe tinapempha m'magolosale pa Chitakale ku Mulanje kuno, n'kusoka pakati ndi ulusi wosolola ku thumba la feteleza. Makrayoni linali bokosi limodzi kalasi yonse, ndiye ena anajambula ndi makala ndi katondo, ena kumatikita masamba a mbatata papepala kuti minda ya tiyi ibiriwire.

Mnyamata wina wokhala kumbuyo, amene ukamuloza kuti awerenge amangoyang'ana pansi, analemba za amayi ake akuthyola masamba ku esiteti, dengu kumsana, mvula ili waa. Kapitawo wa pasikelo anamujambula mimba ngati mtsuko. Kalasi yonse inafa nazo, ndipo mwiniwake anawerenga bukulo mokweza osakakamizidwa, mpaka kawiri.

Koma buku londigwira mtima ndi la kamtsikana kena, lonena za Napolo. Namondwe Freddy uja wa mu Malichi 2023 anakapeza kali kakang'ono, koma kakukumbuka zonse. Kanajambula phiri lili ndi pakamwa, likulavula miyala ndi mitengo. Tsamba lomaliza pali khola lopanda kanthu ndi mzere umodzi wokha: “Mbuzi yathu sinabwere.” Chaka chonse ndakhala nako m'kalasi, sindinadziwe kuti kanasenza zimenezi.

Mabuku ochokera ku MIE, bungwe lokonza mabuku a sukulu ku Domasi, sindikuwanyoza, ndi amene timaphunzitsira. Kungoti buku limodzi lolembera dziko lonse, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, silingadziwe Likhubula, Ruo kapena mitambo ikakuta Sapitwa. Ndipo chiyambire maphunziro aulere mu 1994, ana anasefukira m'makalasi moti buku limodzi amaunjikirana angapo. Wakhala kumbaliyo amangotsatira pakamwa pa anzake, kuloweza osawerenga. Koma mawu amene mwana walemba yekha sangawalumphe, amawadziwa ngati njira ya kumjigo.

Chondipweteka n'chakuti mnzanga wina, mwa mtima wabwino ndithu, anatenga limodzi la mabukuwo n'kulidutsa ndi bolopeni yofiira. Masipelo onse anazunguliza, mawu a Chilomwe omwe mwanayo anamva kwa agogo ake anawakhwatcha kuti si Chichewa. Mwanayo anapinda bukulo n'kulibisa m'jumbo, sanalitulutsenso. Aphunzitsi anzanga, zolakwika tizikonza, inde, koma pa kapepala kena, tsiku lina. Agogo a m'nkhaniyo asiyeni ayankhule mmene amayankhulira kwawo, si omwewa timakawavinira ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe chaka ndi chaka?

Ena akuti izi sizibwera pa mayeso a MANEB. Nanga chimangirizo cha mu Sitandade 8 chija adzalemba ndani? Mwana amene zaka zonse wangokopera notsi timupatse pepala loyera kuti “lemba nkhani”, ndiye tidabwe akamaluma cholembera?

Sindinama, ntchito yake ndi yotopetsa. Inatidyera milungu itatu, phokoso ngati pa msika wa Limbuli, ena anangojambula osalemba kanthu, ndipo nkhani za Kalulu ndi Fisi zinachuluka mpaka ndinaletsa. Pano mabukuwo tinawayanika pa chingwe kumbuyo kwa kalasi, Lachisanu lililonse amabwerekana. Limodzi linapita kumudzi silinabwerere, akuti agogo alisunga m'sutikesi pamodzi ndi makadi a kusikelo.

Inu a m'maofesi pa Boma, mapepala olembedwa mbali imodzi aja ndi makalendala akale musamawotche chonde. Ndiuzeni, ndibwera ndi njinga kudzatenga.