Chala chanucho chizifunsa kaye mutu musanadine

Ana inu a kuno ku Dedza, lero ndikudzudzulani, ndipo wokwiya akwiye. Mwayamba khalidwe loti kabokosi kakangotulukira pa sikirini ya laputopu, chala chafika kale pa batani musanawerenge n'komwe. Mumatero ngati mukuingitsa ntchentche pa nsima. Pa zinthu zina mumapulumuka. Koma uthenga ukamanena za BIOS kapena firmware, pulogalamu ya mkati imene imadzutsa makina, pamenepo si posewerera.

Mdzukulu wanga amatayipira anthu makalata pa boma. Mwezi wathawu laputopu yake inamuuza kuti pali BIOS update, iye n'kuvomera ali mkati molemba kalata ya kasitomala. Sikirini inada, fani n'kuyamba kulira ngati chigayo. Ataona kuti kasitomala akung'ung'udza, anakanikiza batani lozimitsira mpaka makina anakhala chete. Poyatsanso, kanyale kokha ndiko kankaphethira. Anachita kukwera minibasi kupita nayo ku Lilongwe, kumene mmisiri anaimasula yonse n'kulembanso kachipangizo ka mkati. Sabata yathunthu osagwira ntchito, ndalama ya mayendedwe ndi yokonzetsera n'kuchokera m'thumba mwa agogo ake, ine amene.

Mvetsani chimene chinachitika. BIOS sikhala pamodzi ndi zithunzi ndi nyimbo zanu. Imakhala m'kachipangizo kakang'ono komatidwa pa bolodi, ndipo ndiyo imadzutsa makina Windows isanayambe. Pochita update, zakale zimafufutidwa, zatsopano n'kumalembedwa. Mukadula moto pakati pa ntchitoyo, mwasasula denga mvula ili m'mwamba. Kuda kwa sikirini, kulira kwa fani ndi kuzima n'kudziyatsanso kangapo, zonsezo ndi mmene ntchitoyi imayendera. Manja m'thumba, dikirani.

Ndiye taganizani za malaputopu athu. Ambiri ndi a kaunjika, batire lake limaonetsa kuti ladzaza koma mukangozula chaja makina athima. Magetsi nawo mukuwadziwa, sapangana ndi munthu. Ngati batire lanu ndi lotero, musayambe n'komwe mpaka mutapeza lina. Ngati ndi labwino, litchajeni lidzaze, chaja ikhale chilumikizire, ntchito ya anthu muisunge kaye pa fulashi.

Tsono funso lalikulu n'lakuti, uthengawo wachokera kuti? Mukakhala pa intaneti, mukuonera mpira kapena mukusaka mafilimu aulere, ndiye tsamba n'kukuwa ndi zilembo zofiira kuti makina anu awonongeka msanga mukapanda kudina, ameneyo ndi wakuba. Tsamba la pa intaneti silingathe kuyeza BIOS yanu, tsekani basi. Chimodzimodzi timapulogalamu tija timene anyamata okonza makompyuta amakuikirani, tolonjeza kukonza kamodzi madalaivala onse, mapulogalamu oyendetsa zipangizo za m'makina. Uthenga woona umabwera kudzera mu Windows Update kapena m'pulogalamu ya amene anapanga makinawo, monga Lenovo Vantage, HP Support Assistant, Dell SupportAssist kapena MyASUS.

Ngakhale pamenepo musamagone tulo. Mu 2018 akuba analowerera pulogalamu ya ASUS Live Update n'kutumiza kachilombo kwa anthu ochuluka kudzera pakhomo lenileni la kampaniyo, kali ndi chidindo chake chenicheni. A Kaspersky, kampani yopanga mapulogalamu oteteza makompyuta, ndiwo anaulula nkhaniyi mu Malichi 2019. Safunsa anadya phula. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani msinfo32, muone mzere wa BIOS Version/Date. Tembenuzani laputopu muwerenge nambala ya mtundu wake pansi pake. Kenako pitani pa webusaiti ya kampaniyo, adiresi mulembe nokha, muone ngati update imene akukuuzaniyo ilipodi pa mtundu wanuwo komanso ngati ndi yatsopano kuposa imene muli nayo. Zikasemphana, isiyeni. BIOS ya mtundu wina, ngakhale mayina afanane ngati mapasa, si yanu.

Musandimve molakwa n'kumati agogo aletsa update. Ena mwa inu ndinu a gulu linalo, lokana chilichonse poopa kutha kwa bandulo. Ma update enieni amatseka mipata yolowera akuba ndipo ena amakonza vuto la kutentha kapena la batire. Chimene ndikukana ine n'kuchita zinthuzi pa benchi ya ku Lizulu uku mukutsatsa mbatata. Kabokosiko kamalola kunena kuti nthawi ina. Sankhani tsiku limene mulibe kasitomala pakhomo.

Kanthu kena kamene kaliza ambiri ndi BitLocker, loko wa Windows wotsekera zonse zosungidwa m'makina. Pa makina ena, BIOS ikasintha, Windows imakana kutseguka mpaka mutalemba kiyi ya manambala 48. Kawirikawiri kiyiyo imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene inalowetsedwa m'makinawo. Ndinafunsa mdzukulu wanga kuti akauntiyo ndi ya ndani, iye akuti anamutsegulira ndi mnyamata amene anamugulitsa laputopu, ndipo nambala yake ya foni inasiya kale kugwira. Tinakhala naye pansi madzulo omwewo, tinaipeza kiyiyo mkati mwa Windows makina akadali otseguka, ndipo anaikopera pamanja kuseri kwa buku lake la ngongole.